KUDZIWA WOPATSA TISANAMPEMPHE

Phunziro la mwezi uno la akuru a mpingo, aphunzitsi ndi osunga cuma. Muyambe mwawerenga Nehemiya 1 ndi 2, ndi 2 Akorinto 8.

M'midzi yambiri muli makoma a chalichi kapena a sukulu amene anaima pa mazenera, napyola dzinja limodzi, mwina awiri, opanda denga. Amuna anaumba njerwa ndi cimwemwe, akazi anatunga madzi, anyamata anakoka mitengo. Koma itafika nthawi ya malata, misomali ndi matabwa, zinthu zimene manja sangathe kuumba, nchito inaima, ndipo mvula inayamba kudya cimene anthu a Mulungu anamanga ndi thukuta lao.

Zopereka za Sabata ndi Sabata ndizo nsima ya mpingo, ndipo popanda izo mpingo sukhala ai. Koma nchito yaikuru ifuna kuti pakati pa mphatso zambiri zazing'ono pakhalenso zina zowerengeka zazikuru. Pamenepo akuru apeza bvuto. Tipemphe yani? Timpemphe zingati? Apite ndani kukanena naye, ndipo apite liti? Ku America ndi ku Britain, m'masukulu akuru, m'zipatala ndi m'mabungwe a cifundo, muli anthu amene nchito yao yonse ndiyo kuyankha mafunso awa. Afufuza za munthu asanapite kukampempha, kuti angagogode pa khomo lolakwa, kapena kupempha cinthu colakwa pa khomo loyenera. Makolo athu anati safunsa anadya phula. M'phunziro lino tiona macitidwe a nchito imeneyi, ndipo tiiyesa ndi Mau a Mulungu, kuti titengepo cokoma ndi kusiya coipa.

1. Nehemiya anaidziwa mfumu yace

Nehemiya anali wopereka cikho kwa Aritasasta mfumu ya Perisiya. Anamva za kupasuka kwa malinga a Yerusalemu mwezi wa Kisilevi, koma ananena ndi mfumu mwezi wa Nisani. Pakati pace panapita miyezi ngati inai. Masiku amenewo sanagone. Analira, nasala kudya, napemphera, ndipo tikaona mayankhidwe ace pamaso pa mfumu tizindikira kuti analingiriranso bwino lomwe za nchitoyo.

Taonani zimene anadziwa. Anadziwa kuti mfumu iri nayo nkhalango, nadziwa ndi dzina la woisunga, ndiye Asafu. Anadziwa kuti panjira pali akazembe amene sadzamlola kupita wopanda akalata. Anadziwa mitengo idzagwira nchito yanji: ya zipata, ya linga la mudzi, ndi ya nyumba yoti akhalemo iye. Pamene mfumu inamfunsa kuti ulendo udzakhala wa nthawi yanji, sanagwetse nkhope, koma anaichula nthawiyo. Ndipo pofotokoza cisoni cace ananena za mudzi wa manda a makolo ace, cinthu cimene mfumu iri yonse ikhoza kucimva mumtima.

Nehemiya sanapemphe mfumu cimene inalibe, ndipo sanaipemphe mwacisawawa kuti ingothandiza. Anapempha zinthu zochulika maina, kwa munthu amene anali nazo, pa tsiku limene mtima wace unatseguka. Atafika ku Yerusalemu anayendera malinga usiku, asanauze munthu, kuti adziwe ukuru wa nchito ndi maso ace. Linga linatha masiku 52. Pemphero ndi kufufuza sizinalimbane mwa iye; zinayenda pamodzi monga miyendo iwiri ya munthu mmodzi.

2. Sukulu yoyamba m'cisakasa

Tsono tione munthu wina wa masiku a pambuyo pace. Booker T. Washington anabadwa kapolo ku Virginia, m'dziko la America, m'caka ca 1856. Ukapolo utatha anaphunzira pa sukulu ya Hampton, ndipo m'caka ca 1881, ali ndi zaka 25, anaitanidwa kukayamba sukulu ya aphunzitsi a anthu akuda ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama. Boma la cigawoco linalonjeza madola 2,000 pa caka, koma a malipiro a aphunzitsi okha. Panalibe munda, panalibe nyumba, panalibe mabuku. Sukulu inatsegulidwa pa 4 July 1881 m'cisakasa cakale pafupi ndi chalichi, ndi ophunzira 30.

Posacedwa kunamveka munda wogulitsa, mtengo wace madola 500, ndipo mwini anabvomera kulandira theka poyamba. Washington analibe ngakhale thekalo. Analembera J. F. B. Marshall, msungi wa cuma wa ku Hampton, amene anamdziwa ali wophunzira. Ndipo iyeyo anamkongoza madola 250 a m'thumba mwace. Olivia Davidson, mphunzitsi mnzace, anayenda nyumba ndi nyumba kupempha nkhuku, mikate ndi zakudya zina, nazigulitsa pa maphwando kuti abweze ngongoleyo. Nkhalamba ina yaikazi, imene inakhala zaka zambiri m'ukapolo, inadza ndi mazira asanu ndi limodzi okulunga m'kansaru, niwapereka kuti athandize maphunziro a ana.

Ophunzira anaphunzira kuumba njerwa, kuti amange okha nyumba zao. Ng'anjo yoyamba inalephera, yaciwiri inalephera, yacitatu inagwa usiku. Ndalama zitatha, Washington anaika wochi yace cikole, nalandira madola 15, naocha ng'anjo yacinai. Imeneyo inapsa bwino. Musaiwale njerwa izi, pakuti tidzaona kuti ndizo zinatsegula makomo a anthu olemera. Munthu asanafufuze za wopatsa, ayambe wakhala naco coonetsa.

3. Mafunso atatu

Ofufuza za opatsa afunsa mafunso atatu pa munthu ali yense. Mau ao ndi a masiku ano, koma nchito ya Washington iwaonetsa onse atatu.

Funso loyamba: Kodi munthuyu ali nako kukhoza? Ndiko kuti, angathe kupereka zingati osasautsa banja lace? Collis P. Huntington anali mmodzi wa omanga njanji zazikuru za America, mwini cuma cambiri. Pamene Washington anaonana naye poyamba, anampatsa madola 2 okha. Wina akadacoka ndi mkwiyo, nanena m'njira monse kuti munthu uja ngwouma manja. Washington sanatero. Anadziwa kuti kukhoza kulipo, ndipo cosowa ndico cikhulupiriro. Natsimikiza mumtima kumuonetsa ndi zipatso zooneka kuti sukulu iyenera mphatso yoposa. Caka ndi caka sukulu inakula, ndipo mphatso za Huntington ndi mkazi wace zinakula nayo. Miyezi yowerengeka asanamwalire m'caka ca 1900, Huntington anapereka madola 50,000.

Kudziwa kukhoza kwa munthu kutipulumutsa ku zolakwa ziwiri. Tikapempha zambiri kwa iye amene ali nazo zocepa, timcititsa manyazi, ndipo adzayamba kutizemba panjira. Tikapempha nkhuku kwa iye amene akadakondwa kupereka ng'ombe, timmana mwai wa kucita cacikuru, ndiponso ayesa kuti nchito yathu njaing'ono.

Funso laciwiri: Kodi mtima wace uli kuti? Ili ndilo funso loposa onse, pakuti cuma copanda mtima ciri ngati citsime ca mwini wina. Andrew Carnegie anabadwa ku Scotland m'caka ca 1835, mwana wa woomba nsaru wosauka, napita ku America ndi makolo ace m'caka ca 1848. Ali mnyamata wa pa nchito, munthu wina dzina lace James Anderson anatsegula nyumba yace ya mabuku kuti anyamata a nchito azibwereka. Carnegie sanaiwale ici. Atalemera ndi nchito ya citsulo anapereka ndalama zomangira nyumba za mabuku zoposa 2,500 m'maiko ambiri.

Washington anagwira nchito zaka 10 kuti akope mtima wa Carnegie, pakuti poyamba iye sanasamale za Tuskegee. M'mwezi wa December 1900 anamlembera kalata. Sanampemphe cakudya ca ophunzira kapena malipiro a aphunzitsi, ngakhale zimenezo zinasowanso. Anampempha nyumba ya mabuku. M'kalatamo anachula kuti pa sukulu pali ophunzira 1,100, ndi aphunzitsi ndi akapitao 86, ndi mabuku oposa 12,000 opanda malo oyenera. Kuti nyumbayo idzadya madola ngati 20,000. Ndi kuti ophunzira okha adzaumba njerwa, nadzamanga, nadzapala matabwa, kotero kuti ndalama yomweyo idzamanga nyumba ndi kuthandizanso ophunzira kulipira sukulu yao. Carnegie anabvomera. Nyumba inamangidwa monga analonjeza, ndipo m'caka ca 1903 Carnegie anapatsa Tuskegee madola 600,000.

Citsanzo cina citikhudza ife. Anna T. Jeanes anali mai wokalamba wa mpingo wa Quaker ku Philadelphia. Hollis Frissell wa ku Hampton ndi Washington anapeza kuti mtima wace suli pa masukulu akuru ochuka, amene ena anali kuwathandiza kale, koma pa timasukulu ta kumidzi toiwalika. Sanamkakamize kuti asinthe. Anamthandiza kucita cimene mtima wace unafuna. Anayamba ndi mphatso zocepa, ndipo m'caka ca 1907, caka comwe anamwalira, anapereka madola 1,000,000. Ndalamazo zinalipira aphunzitsi oyendera masukulu a kumidzi. Njira imeneyi inaoloka nyanja, ndipo sukulu imene inatsegulidwa ku Domasi m'caka ca 1929, yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi ao, inachedwa ndi dzina la Jeanes. Akadampempha cosakhala pamtima pace, kapena dzina limenelo silikadamveka kwathu kuno.

Funso lacitatu: Kodi njira yofikira kwa iye ndi iti? Mlendo salowa m'bwalo la mfumu yekha. Ayamba wapeza nduna yomlowetsa. Samuel C. Armstrong, mkuru wa Hampton, anatenga Washington pa ulendo wa ku mizinda ya kumpoto pamodzi ndi oimba, nacititsa misonkhano yothandiza Tuskegee, namuonetsa kwa abwenzi a Hampton eni ace. Sanaope kuti opatsa ace adzacepa. Anthu amene anakhulupirira Armstrong anayamba kukhulupirira ndi mwana wace wa m'sukulu.

Momwemonso zinacitika ndi Julius Rosenwald, Myuda, mkuru wa sitolo yaikuru ya Sears, Roebuck ku Chicago. Iye anali atawerenga buku la moyo wa Washington, ndipo m'caka ca 1910 analonjeza madola 25,000 kwa mzinda uli wonse umene udzasonkha madola 75,000 kumangira anthu akuda nyumba ya YMCA. Pamenepo zinthu ziwiri zinaonekera poyera: kuti mtima wace uli pa anthu akuda, ndi kuti akonda kuthandiza iwo amene ayamba kudzithandiza okha. Atsogoleri a YMCA anawakomanitsa m'caka ca 1911. Caka comweco Rosenwald anapita kukaona Tuskegee ndi maso ace, ndipo m'caka ca 1912 anakhala mmodzi wa oyang'anira sukuluyo. Washington anampempha cilolezo kuti ndalama zina zotsala pa mphatso yace zimange timasukulu tisanu ndi kamodzi ta kumidzi, anthu a m'midzimo atasonkhanso gawo lao. Timasukuluto tinapindula. Washington anamwalira m'caka ca 1915, koma nchito inapitirira, ndipo pofika caka ca 1932 panali masukulu pafupifupi 5,000 m'zigawo 15. Ndipo cokondweretsa ndi ici: zimene anthu akuda osauka anasonkha okha, ndalama, malo ndi nchito ya manja, zinaposa zimene anapereka Rosenwald.

4. Kudekha

Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lina la cisanu Washington anayenda pansi mitunda iwiri kucokera ku mzinda wa Stamford, kukaonana ndi munthu wina amene anamva kuti angathe kuthandiza. Munthuyo anamvetsera bwino, koma sanampatse kanthu. Washington anabwerera nayesa kuti wataya maora ace cabe. Zitapita zaka ziwiri kunadza kalata ya munthu yemweyo, muli madola 10,000. Ndipo inafika nthawi imene sukulu inali m'kusowa kwakukuru. Munthuyo anali atalemba ndalamazo m'kalata wa masiye, koma anaganiza kuti nkwabwino kuzipereka ali moyo.

Tiphunzirapo kuti wokana lero sakana masiku onse. Mphatso yaikuru siipsa tsiku limodzi monga ndiwo za masamba. Ikula ngati mtengo wa mango. Tiphunziranso kuti macokedwe athu pa khomo la wokana ali ndi kanthu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wocoka ndi ulemu asiya khomo lotseguka. Wocoka ndi mau owawa alitseka, nalitsekeranso anzace odza m'mbuyo.

Washington sanakonde kuchedwa wopemphapempha. Njira yace inali kufotokoza nchito moona, kupatsa munthu mpata woti alowemo, ndi kusiya zotsala osada nkhawa. Anapezanso kuti anthu ambiri olemera atopa ndi opempha ocuruka tsiku ndi tsiku, ndipo alemekeza iye amene anena zoona zace mwacidule.

5. Macitidwe a masiku ano

Lero nchito iyi iri ndi antchito ace ophunzira, ndipo agwiritsa makompyuta. Ayamba ndi mabuku a nyumba yao yomwe: ndani anapereka kale, kangati, ndi pa nchito yanji, ndani anaphunzira pa sukuluyo, kapena anaciritsidwa pa cipatalaco. Pakuti apeza kuti cizindikiro coposa ca munthu amene adzapereka mawa ndico kuti anapereka dzulo, ngakhale pang'ono, monga Huntington ndi madola ace awiri. Atatero ayang'ana zolembedwa zoonekera kwa onse: maina a opatsa amene mabungwe ena asindikiza caka ndi caka, nkhani za m'manyuzi, ndi zolembedwa za boma za nyumba ndi minda. Ku America mabungwe osunga cuma ca cifundo alamulidwa kulemba caka ndi caka amene anawapatsa ndi kucuruka kwa mphatso, ndipo munthu ali yense akhoza kuwerenga. Pa zonsezi wofufuza alemba tsamba limodzi kapena awiri, napatsa mkuru amene adzapita kukaceza.

Asanalengeze nchito yaikuru, akonza ciwerengero ca mphatso zofunika: yaikuru imodzi, zapakati zingapo, zazing'ono zambiri. Harold Seymour, amene analemba za nchitoyi m'caka ca 1966, anaphunzitsa kuti kawirikawiri limodzi la magawo atatu a ndalama licokera kwa opatsa 10 oyamba, gawo laciwiri kwa 100 otsatira, ndi gawo lacitatu kwa ena onse. Cifukwa cace ayamba mwakacetecete ndi owerengeka aja, ndipo aitana khamu pamene nchito yayamba kuoneka kuti idzatha. Ici sicacilendo kwa owerenga Buku Lopatulika. Pa 1 Mbiri 29 tiwerenga kuti pokonzera Kacisi Davide anayamba kupereka za iye mwini, pamenepo akuru a mabanja ndi a mapfuko, ndipo anthu anakondwera poona ufulu wao. Mutu ukayamba, thupi litsata.

6. Macenjezo atatu

Mpeni wosenda nao mbatata ndi womwewo ucekanso cala. Nchito iyi iri ndi misampha yace, ndipo Mkristu ayenera kuidziwa.

Msampha woyamba ndiwo tsankho. Yakobo, pa mutu 2 wa kalata wace, atsutsa msonkhano umene upatsa mpando wabwino munthu wa mphete yagolidi, nuimika wosauka kumbuyo. Akuru akayamba kuwerenga cuma ca anthu, posacedwa angayambe kuyesa anthu ndi cuma cao. Wolemera akalakwa amleka osamdzudzula, kuopa kuti malata angathawe. Wosauka akadwala palibe womuyendera. Mpingo wotere wagulitsa ukulu wace ndi mphodza. Kumbukani kuti Ambuye, atakhala pandunji pa mosungiramo ndalama, anatama mkazi wamasiye wa tindalama tiwiri koposa eni cuma onse. Washington analandira mphatso za madola zikwi zambiri, koma ananena kuti palibe imene inamkhudza mtima monga mazira aja. Ciwerengero ca mphatso ndi ca pa nchito yomanga. Si ciwerengero ca mipando ya m'chalichi, ndipo si ca Ufumu wa Kumwamba.

Msampha waciwiri ndiwo kusuzumira ndi miseche. Kufunsa kuti munthu akonda nchito yanji ndi ulemu. Kufufuza m'seri za ngongole zace, za matenda ace, za kusamvana kwa m'banja mwace, ndi ukazitape. M'mwezi wa December 2016, ofesi ya ku Britain yoteteza mbiri za anthu, Information Commissioner's Office, inalipitsa mabungwe awiri akuru a cifundo: RSPCA mapaundi 25,000, ndi British Heart Foundation mapaundi 18,000. Pakati pa milandu yao panali uwu, kuti anapereka maina a opatsa ao kwa makampani oyesa cuma ca anthu, eni ace osadziwa. M'caka ca 2017 mabungwe ena 11 analipitsidwanso. Nchito zao zinali zabwino, koma ubwino wa nchito suyeretsa njira yokhota. Muyeso wabwino ndi uwu: musalembe za munthu cimene mukadacita manyazi iye ataciwerenga. Zimene akuru adziwa zikhale mwa akuru, zisaturukire pa mtondo kapena pa citsime. Ndipo wopatsa akafuna kuti dzina lace lisamveke, monga Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 6, cifuniro cace cisungidwe.

Msampha wacitatu ndiwo kusakhulupirika pa zolandira. Paulo posonkha mphatso ya abale osauka a ku Yerusalemu sanafune kunyamula ndalama yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale munthu wom'nenera coipa. Ngati mtumwi anacita cotero, nanga ife? Ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, zilembedwe m'buku, ziwerengedwe poyera pa msonkhano. Zopatsidwa cifukwa ca denga zigule denga. Zisasanduke njinga ya mphunzitsi, ngakhale njingayo ifunikadi, koma atabvomera wopatsayo. Carnegie anapereka kaciwiri cifukwa mphatso yoyamba inacita cimene anauzidwa. Ndipo pali mphatso zina zoyenera kuzikana: ya munthu wofuna kugula nayo ulamuliro pa mpingo, ndi yocokera ku kuba kapena kusautsa anthu.

7. Tsono ife ticitenji?

Ife tiribe Carnegie m'midzi mwathu, koma mafunso atatu aja agwira nchito ponse ponse. Mpingo uli wonse uli ndi ana ace amene Mulungu anawadalitsa: wina ali ndi ng'ombe, wina sitolo, wina galimoto yonyamula katundu, wina agwira nchito ku mzinda kapena ku Johannesburg, ndipo sanaiwale chalichi cimene anabatizidwiramo ndi sukulu imene inamphunzitsa kulemba dzina lace. Ambiri a iwo sanapemphedwe konse mwaulemu. Amangomva cilengezo ca onse, kapena alandira kalata wouma wocokera kwa munthu wosamdziwa.

Cotero akuru acite motere. Ayambe ndi pemphero, monga Nehemiya. Awerenge mtengo wonse wa nchito, malata angati, matabwa angati, mmisiri adzalandira zingati, kuti wofunsa ayankhidwe. Acite ndi manja ao zonse zimene manja angathe, ndipo apereke iwo eni poyamba, pakuti sikuyenera kupempha mnzako cimene iwe wakaniza. Pamenepo akhale pansi owerengeka, mwacinsinsi, nalingirire maina, nafunse pa dzina liri lonse za kukhoza, za mtima, ndi za njira. Wokonda ana amuuze za sukulu. Amene mai wace anasowa mzamba amuuze za nyumba ya ocembeza. Wa galimoto kapena sadzapereka ndalama, koma adzanyamula malata. Atume munthu amene iye amlemekeza. Ayambe amuitana adzaone nchito, namfunse nzeru zace, pakuti wofunsidwa nzeru ayesa nchitoyo yace. Pocita pempho achule cinthu ndi mtengo wace, nakhale cete kuti ayankhe mwaufulu. Akapereka amthokoze msanga, ndipo nchito itatha amuuze cimene mphatso yace inacita. Akakana amthokozebe cifukwa ca kuwalandira.

Pa zonsezi tisaiwale kuti wopatsa naye alandira. Kupatsa nkuika, anatero makolo. Ndipo Paulo pa 2 Akorinto 8 acha kupereka cisomo, nanena kuti a ku Makedoniya, m'umphawi wao, anacita kupempha kuti aloledwe kulowamo. Tikamdziwa bwino mbale wathu, ndi kumuonetsa nchito yoyenera mtima wace ndi dzanja lace, sitimlanda kanthu ai. Timtsegulira khomo la cimwemwe. Siliva ndi golidi nza Mulungu, ndipo mitima ya mafumu iri m'dzanja lace. Ife gawo lathu ndi kufunsa mwanzeru, kupempha moona, ndi kusunga mokhulupirika. Ambuye atithandize kuti makoma oima pa mazenera alandire madenga ao mvula isanagwe, ndi kuti pomanga nyumba za njerwa tisapasule nyumba yace yeniyeni, ndiyo abale okondana.

Mafunso a pa msonkhano

1. Chulani zinthu zitatu zimene Nehemiya anadziwa asananene ndi mfumu.
2. Cifukwa ninji Washington anapempha Carnegie nyumba ya mabuku, osati cinthu cina?
3. Kodi mwa mafunso atatu aja, liti liposa, ndipo cifukwa ninji?
4. Kusiyana kwace nkotani pakati pa kudziwa munthu ndi kumsuzumira?
5. Mpingo wanu ucita ciani kuti wopereka mazira ndi wopereka ng'ombe alemekezedwe cimodzimodzi?
6. Ndalama za mpingo wanu aziwerenga anthu angati, ndipo zinawerengedwa liti poyera?